Njira Ziwiri za Fayiba Zimene Zinaduka Pamodzi: Lipoti la Vuto ndi Zimene Tinakonza

Lipotili likufotokoza vuto limene linagwa pa mzere wa fayiba (zingwe za ulusi wagalasi zimene zimanyamula deta pogwiritsa ntchito kuwala) wolumikiza nyumba ziwiri zosungiramo makompyuta akuluakulu a kasitomala wathu, mzere umene tonse tinkauyesa wotetezeka chifukwa unali ndi njira ziwiri. Njira zonsezo zinaduka m'sekondi imodzi, ndipo kasitomala anakhala maola pafupifupi 9 nyumba zake ziwirizo zisakulumikizana. Ine ndinali mmodzi wa mainjiniya amene anakonza pulani ya mzerewu, ndipo ndine ndinatsogolera kafukufuku vutolo litatha, kotero kuti zolakwa zambiri zimene nditchule pano ndi zathu zomwe. Mayina a makampani amene anakhudzidwa ndawasiya, popeza chimene chingathandize anzanga pa ntchitoyi ndi kudziwa mmene vutolo linayambira.

Mmene mzerewu unamangidwira

Nyumba ziwirizo ndizitchula kuti A ndi B. Njira yoyamba, imene inkanyamula deta masiku onse, inali chingwe chathuchathu chokwiriridwa m'mphepete mwa msewu waukulu, chotalika makilomita pafupifupi 70. Njira yachiwiri inali ya makilomita pafupifupi 110, ndipo tinkachita lendi ku kampani ina, imene inatipatsa ulusi uwiri m'chingwe chake kuti tiziyatsamo kuwala kwathu. Zingwe zonse ziwiri zinali ndi ulusi wa mtundu wa G.652, umene umataya mphamvu ya kuwala yokwana pafupifupi 0.2 dB (dB ndi muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa mphamvu ya kuwala) pa kilomita iliyonse ukamanyamula kuwala kwa mafunde otalika mananomita 1550, ndipo kumapeto konse kuwiri tinaika makina owonjezera mphamvu ya kuwalako.

Chitetezo chimene tinasankha ndi cha 1+1. Kuwala kochokera m'makina otumiza kumafika pa splitter, imene imakugawa pawiri mofanana n'kukulowetsa m'njira zonse ziwiri nthawi imodzi. Mbali yolandira ili ndi swichi imene imayang'anira mphamvu ya kuwala kochokera mbali zonse, n'kumatenga kwa njira imodzi yokha. Kuwala kukazima pa njira imene ikugwiritsidwa ntchito, swichiyo imatembenukira ku njira inayo popanda kufunsa makina a mbali yotumiza, chifukwa deta yomweyo imakhala ikufika kale pakhomo. Ichi n'chimene chimasiyanitsa 1+1 ndi 1:1, pamene njira yodikirira imakhala yopanda katundu kapena yonyamula deta yosafunika kwambiri, ndipo mbali ziwirizo zimayamba zagwirizana zisanasamuke. Mtengo wa 1+1 ndi woti kugawa kuwala pawiri kumadya mphamvu yopitirira pang'ono 3 dB, ndiponso njira yachiwiriyo singagulitsidwe kwa wina aliyense. Tinavomera zimenezi chifukwa kasitomala ankafuna kuti kusamuka kuzichitika mkati mwa mamilisekondi 50, malire amene anachokera m'nthawi ya SDH ndi SONET, madongosolo akale otumizira mafoni ndi deta pa fayiba, pamene cholinga chinali choti anthu amene ali pa foni asadukidwe chingwe chikaduka, ndipo alembedwa m'malamulo a ITU-T, bungwe la dziko lonse loika miyezo ya zamtokoma, monga G.841.

Mgwirizano wathu ndi kasitomala unkalonjeza kuti mzerewu udzakhala ukugwira ntchito 99.999 peresenti ya nthawi, kutanthauza kuti pa chaka chonse sudzazima kupitirira mphindi 5.26. Pa chithunzi chimene tinamuonetsa panali mizere iwiri, wofiira ndi wobiriwira, imene inkapatukana pa A n'kudzakumananso pa B basi.

Tsiku la vuto

Chakum'mawa, ma alamu awiri osonyeza kuti kuwala kwazimiratu analira pa makompyuta oyang'anira netiweki, wina wa njira yoyamba, wina wa yachiwiri, ndipo nthawi imene inalembedwa pa onse awiri inali yofanana mpaka pa sekondi. Amene anali pa ntchito nthawi imeneyo anaganiza kuti mwina magetsi azima m'chipinda cha makina, kapena khadi la m'makinawo limene lili ndi splitter ndi swichi lawonongeka. Sindingawadzudzule pa maganizo amenewa. Pa pulani imene anali nayo, khadi limenelo ndi magetsi ake ndizo zokha zimene njira ziwirizo zinkagawana, choncho munthu aliyense wodziwa ntchito akanayambira pomwepo. Ola lathunthu linapita tikuyeza magetsi ndi kusintha khadi limene linalibe vuto.

Kenako tinalumikiza OTDR pa ulusi wa njira iliyonse kuchokera ku A. Chipangizochi chimatumiza kakuwala kakafupi m'ulusi n'kuyeza nthawi imene kuwala kobwerera kumatenga, ndipo popeza kuwala m'galasi kumatenga pafupifupi mamaikulosekondi 5 kuti kuyende kilomita imodzi, nthawiyo imasanduka mtunda. Pa njira yoyamba chinaonetsa kuti ulusi waduka pa makilomita 23, ndipo pa yachiwiri chinaonetsa makilomita 38. Manambala awiri osiyanawa anatisokeretsanso. Tinaganiza kuti tagwa tsoka la ngozi ziwiri zosiyana pa nthawi imodzi, ndipo tinatumiza gulu lathu ku malo oyamba, kwinaku tikuuza eni chingwe chachiwiri kuti atumize gulu lawo kumene mapu athu ankasonyeza kuti kilomita ya 38 ili. Iwo anayankha kuti chingwe chawo sichidutsanso kumeneko.

Magulu awiriwo anakumana pa mlatho umodzi wowoloka mtsinje. Kontilakita amene ankakonza msewu wolowera pa mlathowo anali atakumba ndi makina ake n'kuzula mapaipi awiri amene anagona m'ngalande imodzi, motalikirana ngati chikhatho cha munthu. M'paipi imodzi munali chingwe chathu, m'inayo munali cha kampani imene tinkachitako lendi. Mitunda ya pa OTDR inasiyana chifukwa chingwe chachiwiri chinkatulukira mbali ina ya tauni n'kuyenda mozungulira chisanafike pa mtsinjewo. Apa ndiyenera kukumbutsa kuti OTDR imayeza utali wa ulusi, osati wa msewu, ndipo ulusi umatalika kuposa msewu chifukwa cha zingwe zotsala zimene zimapindidwa m'maenje olumikizira. Amene sanalembe utali wa ulusi pa dzenje lililonse pa nthawi yomanga amadzavutika kusandutsa nambala ya pa chipangizo kukhala malo enieni okumba.

Ntchito yokonza inali ya masiku onse: kufukula mbali zonse ziwiri, kukoka chidutswa chatsopano cha chingwe, ndi kulumikiza ulusi umodziumodzi pa makina a splice (splice ndi polumikizira nsonga ziwiri za ulusi), kuyambira ndi umene unkanyamula deta yofunika kwambiri.

Chifukwa chake zinaduka pamodzi

Pamene tinkasaina mgwirizano wa lendi, chingwe cha kampani inayo chinkawolokadi mtsinjewo pa mlatho wina wakumtunda, ndipo tinaona mapu otsimikizira zimenezo. Patapita zaka, madzi osefukira atawononga mbali imeneyo, kampaniyo inasamutsira chingwe chake ku mlatho wa msewu waukulu, kumene kunali paipi yopanda kanthu imene inatha kuigula msanga. Kwa iwo ntchitoyi inali yabwino: makasitomala awo anabwerera pa intaneti mwachangu, ndipo njira yatsopanoyo inali yolimba kuposa yakale. Anatitumizira uthenga wonena kuti padzakhala ntchito ya usiku imene idzazimitse ulusi wathu kwa maola ochepa. Uthengawo tinaulandira, tinaonetsetsa kuti deta ili pa njira yoyamba usiku umenewo, ndipo m'mawa kuwala kutabwerera tinatseka nkhaniyo. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti chingwecho chikudutsa kuti tsopano.

Mgwirizano wa lendi unkangonena kuti njirayo ikhale yosiyana ndi yathu. Sunanene kuti kusiyanako ndi kwa mamita angati, sunatchule milatho, misewu kapena makomo olowera m'nyumba, ndipo sunakakamize eni chingwe kutifunsa asanasinthe njira. Iwo analibe ngakhale mapu a chingwe chathu, kotero sakanadziwa kuti akugona pambali pathu ndi ulusi umene unkayenera kutiteteza. Chizindikiro chinalipo, koma sitinachiwerenge: ntchito ya usiku ija itatha, utali wa njira yachiwiri unasintha ndi makilomita angapo, ndipo tikanayerekeza muyezo watsopano wa OTDR ndi wakale tikanaona tsiku lomwelo kuti njirayo si yomwe ija.

Akatswiri a ntchitoyi ali ndi dzina la zimenezi, SRLG, kutanthauza gulu la mizere imene ngozi imodzi ingaigwetse pamodzi chifukwa ikugawana ngalande, paipi, mlatho, mtengo wa magetsi kapena chipinda. Lingaliroli linalembedwa mu RFC 4202, chikalata cha miyezo ya intaneti cha chaka cha 2005, ndipo masamu opezera njira ziwiri zosakumana m'netiweki ndi akale kuposa pamenepo, pakuti J. W. Suurballe anafalitsa njira yake yowerengera mu 1974. Mapulogalamu athu okonzera pulani ankadziwa masamu onsewa. Chimene analibe ndi uthenga woona wa zimene zili m'nthaka, ndipo pulogalamu imene yauzidwa kuti mizere iwiri sikumana imayankha mosakayika kuti sikumana.

Masamu a lonjezo lathu amaonetsa kukula kwa cholakwachi. Tiyerekeze kuti njira iliyonse payokha imagwira ntchito 99.9 peresenti ya nthawi, ndiye kuti imazima maola 8.76 pa chaka. Ngati kuduka kwa imodzi sikukhudzana ndi kwa inzake, mwayi woti zonse zizime pamodzi umapezeka pochulukitsa 0.001 ndi 0.001, zimene zimapereka masekondi pafupifupi 32 pa chaka. Masamu amenewa ndiwo anatilimbitsa mtima polonjeza mphindi 5.26. Koma kuchulukitsako n'koona pokhapokha ngati njirazo sizigawana kanthu. Zikangogawana mamita ochepa, kachigawo kameneko kamakhala ngati chingwe chimodzi chopanda chitetezo, ndipo mzere wonse sungakhale wodalirika kuposa kachigawoko. Maola 9 amene tinazima ndi ofanana ndi nthawi yonse imene mgwirizano unkatilola kuzima pa zaka zopitirira 100.

Si ife oyamba kugwa m'mbuna imeneyi. Pa 18 July 2001 sitima ya katundu inachoka m'njanji n'kuyaka moto m'ngalande ya pansi ya Howard Street ku Baltimore, ku America, ndipo zingwe za fayiba za makampani angapo zimene zinkadutsa mmenemo zinawonongeka pamodzi. Pa 14 March 2024 zingwe zinayi za pansi pa nyanja, WACS, MainOne, SAT-3 ndi ACE, zinawonongeka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo amene anagula mpata pa zingwe ziwiri mwa zimenezi poganiza kuti adziteteza anapezeka alibe pothawira. Mitsinje, mapiri, njanji ndi magombe zimakankhira omanga onse ku malo ochepa omwewo owolokera, kotero kuti kugula kwa makampani awiri si umboni woti zingwe zili m'malo awiri.

Vuto lachiwiri limene linabisala

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinaonekera pa nthawi yokonza. Gulu la kampani inayo linamaliza kulumikiza ulusi wathu gulu lathu lisanamalize, choncho kuwala kunayamba kubwerera pa njira yachiwiri ndipo swichi inatembenukira komweko monga mmene inayenera kuchitira. Deta inayamba kuyenda, koma ndi zolakwika zambirimbiri, moti makompyuta a kasitomala ankalumikizana n'kudukanso. Poyamba tinakayikira ma splice atsopano, koma OTDR inaonetsa kuti anali abwino. Mphamvu inkatayikira m'chipinda chathu chomwe ku B. Kumapeto kwa konekita imodzi kunali fumbi, ndipo kachingwe kolumikizira kanali katapanikizidwa ndi chitseko cha kabati n'kupindika kwambiri. Mtima wa ulusi umene kuwala kumadutsamo ndi wa mamaikulomita pafupifupi 9, choncho kachitsotso kosaoneka ndi maso kakhoza kutseka mbali yaikulu ya njira ya kuwalako.

Titabwerera ku zimene makina analemba m'mbuyomo, tinapeza kuti mphamvu ya pa njira yachiwiri inali itatsika kwa miyezi ingapo. Pa pulani tinasiya mpata wa 3 dB wa mavuto a m'tsogolo, ndipo mpata umenewu unali utadyedwa wonse, moti ma splice awiri atsopano, ngakhale anali abwino, anakwanira kuugwetsa mzerewo. Alamu ya kutsika kwa mphamvu inalipo, koma popeza swichi sinkatenga deta kuchokera ku njirayo, alamuyo inaikidwa m'gulu la zazing'ono ndipo inamira pakati pa mazana a zina. Swichi nayonso inakonzedwa kuti izingoyang'ana ngati kuwala kulipo kapena kwazimiratu, osati ngati kuli kokwanira kunyamula deta yopanda zolakwika. Tanthauzo lake ndi lakuti ngakhale makina okumba aja akanadula chingwe chathu chokha, n'kutheka kwambiri kuti kasitomala akanavutikabe. Pa zolakwa ziwirizi, ine ndimaona kuti ichi ndicho chachikulu, chifukwa cha pa mlatho chinafuna kuti kampani ina isinthe njira, pamene ichi chinachitikira m'kabati imene makiyi ake tinali nawo ndife.

Zimene tinasintha

Ntchito yaikulu inali kupeza powolokera mtsinje pena. Tinapeza ulusi m'chingwe cha OPGW, chimene chimayenda pamwamba pa nsanja za magetsi amphamvu, chikuteteza mawaya ku mphezi kwinaku chikunyamula fayiba mkati mwake. Nsanjazo zimawoloka mtsinjewo kutali ndi mlatho. Ndinalimbikira njira imeneyi ngakhale inali yotalikirapo, chifukwa adani ake ndi osiyana ndi a chingwe cha pansi: makina okumba sangachifike, ndipo mphepo kapena kugwa kwa nsanja sikungakhudze chingwe chokwiriridwa. Kusiyana kwa utali kunawonjezera kuchedwa kosakwana theka la milisekondi, kumene kasitomala anavomera atayesa mapulogalamu ake okopera deta pakati pa nyumba ziwirizo.

Tisanasaine, tinayenda njira zonse ziwiri kuchokera ku A mpaka ku B, tikutsegula maenje, kulemba malo ake pa GPS ndi kuyerekeza ndi mitunda ya pa OTDR. Zinatitengera masiku ambiri ndipo ena ankaona ngati n'kutaya nthawi, koma ulendowu unavumbula malo ena awiri pamene zingwe zinkayandikana, amodzi mwa iwo ali pa mphambano ya misewu pafupi ndi A, ndipo onse tinawapatula. Zimene tinapeza tinazilemba m'kaundula wa SRLG, mmene mlatho uliwonse, ngalande iliyonse ndi khomo lililonse lili ndi nambala yake, ndipo nambalazo zinalowetsedwanso m'mapulogalamu okonzera pulani. Mgwirizano watsopano umatchula mtunda wochepetsetsa umene uyenera kukhala pakati pa njira ziwirizo, umafuna kuti mbali zonse zizipatsana mapu chaka chilichonse, ndipo umaletsa kusamutsa ulusi wathu popanda chilolezo cholembedwa. Ntchito iliyonse ikachitika pa chingwe, muyezo wa OTDR umatengedwanso n'kuyerekezedwa ndi wakale nkhaniyo isanatsekedwe.

Pa makina, alamu iliyonse ya njira yodikirira tsopano ili ndi kulemera kofanana ndi ya njira yonyamula deta, ndipo imalira mphamvu ikatsika ndi 1 dB kuchokera pa muyezo wa tsiku lotsegulira. Konekita iliyonse imaonedwa pa chipangizo chokulitsira zinthu isanalumikizidwe, motsatira muyezo wa dziko lonse wa IEC 61300-3-35. Tinakhazikitsanso kuti miyezi itatu iliyonse, usiku umene tagwirizana ndi kasitomala, tizisamutsira deta ku njira yachiwiri mwadala n'kuisiya kumeneko kwa tsiku lathunthu. Poyamba kasitomala anakana, poopa kuti kuyesako kungabweretse vuto limene kulibe. Ndinamufotokozera kuti ngati njirayo ili ndi vuto, lidzaonekera ndithu tsiku lina, ndipo kuli bwino lionekere mainjiniya ali pamalo, njira yoyamba ili yamoyo, kuti tithe kubwerera m'sekondi yomweyo.

Kuyesa koyamba kunatiphunzitsa chinthu chimene sitinachiganizire. Swichi ya kuwala inasamuka mkati mwa mamilisekondi 50, koma ma rauta a kasitomala, makina olozera deta koti ipite, ankayang'anira mzerewo ndi BFD, njira yotumizirana timauthenga toona ngati mzere uli wamoyo, pa liwiro lalikulu kwambiri, moti anaona kuzimako swichi isanamalize, n'kugwetsa kulumikizana kwawo ndi kuyamba kufufuza njira zina. Kudukako, kumene kukanatha munthu asanaphethire, kunatalika mpaka masekondi angapo chifukwa magawo awiri a netiweki ankalimbirana kukonza vuto limodzi. Tinagwirizana kuti ma rauta azidikira mamilisekondi 150 asanalengeze kuti mzere wafa, kuti swichi ya kuwala ipatsidwe mpata woyamba. Tinakambirananso ngati deta izibwerera yokha ku njira yoyamba ikachira. Malamulo a SDH amapereka nthawi yodikira ya mphindi 5 mpaka 12 kusanachitike kubwererako, pofuna kupewa kusamukasamuka pamene chingwe chikuyaka ndi kuzima. Ife tinasankha kuti isamabwerere yokha n'komwe, chifukwa pa nthawi yokonza amisiri amatha kudula ndi kulumikizanso ulusi kangapo, ndipo kusamuka kulikonse ndi kuduka kwina kwa kasitomala. Injiniya ndiye amabweza deta atayeza njira yokonzedwayo.

Pali malo enanso amodzi amene sitinathe kuwapatula. Nyumba ya B ili ndi khomo limodzi lokha lolowetsera zingwe, kotero kuti pa mamita pafupifupi 200 omalizira njira ziwirizo zimagona m'ngalande imodzi, ndipo mwini nyumbayo sanavomerebe kuti tiboole khoma la mbali inayo. Khadi la splitter ndi swichi nalonso likadali limodzi kumapeto kulikonse. Zimenezi tinamuuza kasitomala m'kalata, tinazijambula pa chithunzi chatsopano cha mzerewu ndi mzere umodzi m'malo mwa iwiri, ndipo lonjezo la m'mgwirizano tinalitsitsa kuti ligwirizane ndi zimene zili m'nthaka. Pakadali pano ngalande ya mamita 200 ija taiphimba ndi simenti ndi kuika zikwangwani zochenjeza okumba, ndipo kasitomala watenga mzere wachitatu wa wailesi ya microwave, wochepa mphamvu, wonyamula deta yofunikitsitsa yokha, umene umalowera padenga. Pempho loboola khomo lachiwiri tinalipereka kachiwiri kwa mwini nyumba, limodzi ndi pulani yosonyeza kumene paipi yatsopano idzadutse, ndipo tikudikira yankho lake.